MAINJINIYA, NJERWA NDI MITENGO YATHU

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa chikondwerero

 Tithokoze komiti yokonza chikondwerero chino potipatsa mpata wakuti tilankhule pa nkhani imene ena angaiyese ya abambo okha, ndiyo nkhani ya kamangidwe ka nyumba. Makamaka tifuna kuona mmene mainjiniya, anthu aja amene amawerengera kulimba kwa nyumba, akuganizira za kumanga kosaononga dziko.

Kapena wina afunsa mumtima mwake kuti, "Nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife amai?" Zikutikhudza ndithu. Pakuumba njerwa, madzi amatunga ndani? Nkhuni zikatha m'phiri, amene amalawira mbandakucha kukazifuna kutali ndani? Ndipo pamene pamangidwa holo, sukulu ya mkaka kapena nyumba ya abusa, ndalama zambiri zimamasulidwa pa mfundo za zitenje zathu, ndalama za mandasi ndi zitumbuwa. Chotero nkoyenera kuti tidziwe chimene ndalama zathuzo zikugula.

Kodi injiniya ndani?

Pa nyumba yaikulu pamakhala anthu atatu amene kawirikawiri timawasokoneza. Woyamba ndi wojambula mapulani, amene amaganizira maonekedwe a nyumba, kukula kwa zipinda ndi malo a zitseko ndi mazenera. Wachiwiri ndi mmisiri, amene amagwira chipande ndi kuyala njerwa. Wachitatu ndiye injiniya wathuyu. Iye amawerengera kuti maziko akuye bwanji, khoma likhale lochindikala bwanji, zitsulo zikhale zingati mu konkire, ndiponso kuti denga limangiriridwe motani kuti mphepo isalisasule. Ntchito yake siioneka ndi maso nyumba ikatha, pakuti yonse imabisika m'nthaka ndi m'kati mwa pulasitala.

Tsono tigwire ichi poyamba, chifukwa maganizo onse a injiniya amachokera pamenepa: udindo wake woyamba nkuti nyumba isagwere anthu. Iye amasaina dzina lake pa pulani. Nyumba ikagwa, chala chimaloza iye, ndipo angathe kulandidwa chiphaso cha ntchito. Munthu wosenza udindo wotere sathamangira zatsopano. Tikamuona akukayika, tisafulumire kunena kuti alibe chifundo ndi mitengo.

Vuto la njerwa zootcha

Njerwa yootcha inafala m'dziko muno pa nthawi ya amishoni ndi atsamunda. Amene mwafika ku Blantyre mwaona tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga pamodzi ndi amisiri a kuno kuyambira chaka cha 1888 kufikira 1891. Njerwa zake anaumba pomwepo ndi kuziotcha ndi nkhuni, ndipo chikali chiimire mpaka lero. Palibe anganene kuti njerwa yootchedwa bwino siilimba.

Koma masiku amenewo anthu anali ochepa ndipo nkhalango zinali zambiri. Pa kalembera wa chaka cha 1966 tinalipo anthu 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinapezeka tiri oposa 17.5 miliyoni. Banja lirilonse latsopano lifuna nyumba ya njerwa ndi malata, ndipo nkulakalaka kwabwino kumeneku. Chovuta nchakuti uvuni uliwonse umadya mitengo yaikuluikulu, ya misuku, ya mombo, ya tsanya, ndipo kumene imeneyi yatha anthu ayamba kugwetsa ndi mango omwe, mtengo umene umadyetsa ana m'miyezi ya njala.

Mainjiniya amaonjezapo dandaulo lao. Uvuni wa kumudzi sutentha mofanana. Njerwa za m'kati pafupi ndi moto zimapserera, za kunja zimatuluka zosapsa, ndipo zambiri zimasweka. Ndiponso zikombole zimasiyana kukula, kotero kuti mmisiri amathira matope ochuluka pakati pa njerwa ndi pulasitala wochindikala kuti khoma liongoke. Taonani tsono, taononga mitengo, taononganso simenti, ndipo khoma lake nkukhala losadziwika mphamvu. Pambuyo pake pamatsala nkhuti zodzala madzi, moswanirana udzudzu ndi mogweramo ana.

Nchifukwa chake m'chaka cha 2018 boma, kudzera m'bungwe la National Construction Industry Council, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. M'malo mwake linalimbikitsa mabuloko a simenti, njerwa za dothi losakaniza ndi simenti zopanikizidwa pa makina, ndi njerwa zootchedwa m'mauvuni amakono osadya nkhuni. Lamulo linatuluka, koma mitima ya mainjiniya sinakhale pamodzi. Tingawagawe m'magulu atatu.

Gulu loyamba: ochenjera

Awa ndi amene amati, "Ife tikhulupirira simenti ndi chitsulo, pakuti mphamvu yake tiidziwa." Thumba la simenti lochokera ku fakitale limayesedwa, ndipo konkire wosakanizidwa bwino amafika pa mphamvu yodziwika pakatha masiku 28. Koma dothi limasiyana. La kuseri kwa nyumba silifanana ndi la kudambo, ndipo injiniya sangasainire chinthu chimene sanachiyese.

Mantha ao ali ndi chifukwa. Dziko lathu liri m'chigwa chachikulu mmene nthaka imagwedezeka. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chinagwedeza dera la Salima ndi kupha anthu 9, ndipo anthu zikwizikwi anatsala opanda pogona. Mu Disembala 2009 zivomezi zinatsatizana ku Karonga, nkugwetsa nyumba zambirimbiri, ndipo anthu 4 anafa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kugwera pa Chilobwe, nasakazanso Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ena a ife muno tinaika abale m'manda masiku amenewo.

Chotero gulu ili limati: nyumba imene yagwa nkumangidwanso yadya mitengo kawiri, mchenga kawiri, ndalama kawiri. Nyumba yosamala dziko ndi imene ikhala zaka zambiri. Pamenepa akunena zoona, ndipo tiyenera kuwamvera.

Gulu lachiwiri: ofuna kusintha

Awa amayankha kuti simenti nayo siili yoyera m'manja. Popanga simenti amatentha miyala ya laimu m'ng'anjo pa madigiri 1,450. Utsi umachokera ku malasha otenthetserawo, komanso mwala weniweniwo ukapsa umatulutsa mpweya uja umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza nyengo. Akatswiri amawerengera kuti pa magawo 100 a mpweya umenewu wotulutsidwa ndi anthu pa dziko lonse, magawo 7 kapena 8 amachokera ku simenti yokha. Ndiponso mabuloko a simenti amafuna mchenga wambiri, umene anthu akukumba m'mitsinje ndi m'mphepete mwa nyanja, mpaka magombe kugumuka. Kusiya uvuni nkuthamangira simenti yochuluka kuli ngati kuthawa mvula nkukabisala pansi pa mtengo wodontha.

Mainjiniya a gulu ili anayamba ndi kudziyang'ana okha. M'chaka cha 2014 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Cambridge, Moynihan ndi Allwood, anaunika mapulani a nyumba 23 za zitsulo, mmene munali mitanda yoposa 10,000. Anapeza kuti mitandayo, poiwerengera pamodzi, inali kusenza katundu wosafika theka la mphamvu yake. Chifukwa chake sichinali umbuli. Injiniya amapulumutsa nthawi akasankha mtanda umodzi waukulu nkuuika paliponse, kusiyana ndi kuwerengera uliwonse paokha, ndipo omanga nao savutika. Koma chitsulo choonjezeracho chinakumbidwa, chinasungunulidwa, ndipo mwini nyumba anachilipira.

Mu 2019 makampani a mainjiniya a ku Britain anasaina chikalata chovomereza kuti nyengo yafika poopsa ndi kuti ntchito yao iri ndi mbali pa vutoli. Mu 2020 anzao a ku America anayambitsa pangano lotchedwa SE 2050, lakuti pofika chaka cha 2050 mizati, mitanda ndi maziko zimene iwo amawerengera zisamaonjezere mpweya woipawo. Mau ao ndi akuti: injiniya wabwino ndi amene amapereka nyumba yolimba ndi zipangizo zokwanira, zosaperewera ndi zosapitirira.

Muno mu Africa ziripo nyumba zimene gulu ili limaloza. Ku Burkina Faso, m'mudzi wa Gando, Francis Kéré anamanga sukulu m'chaka cha 2001 ndi njerwa za dothi la komweko losakaniza ndi simenti pang'ono. Anthu a m'mudzimo, amai omwe, ndiwo anagwira ntchito. Malata anawakweza pamwamba kuti mphepo izidutsa pansi pake, ndipo ana amaphunzira mozizira ngakhale kunja kukutentha. Mu 2022 Kéré analandira mphotho ya Pritzker, imene iri yaikulu pa ojambula nyumba, nakhala munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Ku Harare kuli nyumba ya Eastgate, yotsegulidwa mu 1996, imene Mick Pearce anajambula pamodzi ndi mainjiniya a kampani ya Arup, potengera nzeru ya chulu. Mphepo yozizira ya usiku amaikokera m'kati mwa nyumbayo kuti konkire azizire, ndipo masana konkireyo amaziziritsa maofesi. Kuno kwathu, mu 2021, kampani ya 14Trees inamanga zipupa za chipinda cha sukulu ku Salima ndi makina oyala matope a simenti okha, m'maola 18. Dzina la kampaniyo linachokera pa kuwerengera kwao kwakuti njerwa zootcha za nyumba imodzi yaing'ono zimadya mitengo 14.

Gulu lachitatu: odikira mwini nyumba

Kunena zoona, ambiri ali m'gulu ili. Iwo amati, "Ife ndife aganyu. Tidziwa njira zatsopano, koma amene watilemba ntchito akati afuna njerwa zootcha, kapena mabuloko, timachita zomwezo." Kuyesa dothi kumafuna nthawi. Kuwerengera mtanda uliwonse paokha kumafuna masiku oonjezera, ndipo eni nyumba ambiri safuna kulipira masiku amenewo. Enanso amuitana injiniya mochedwa, pulani itatha kale ndi njerwa zitaunjikidwa pamalo, kotero kuti iye alibenso ponena.

Pali chinanso chimene mainjiniya amadandaula nacho, ndipo chiri m'mitima mwathu. Ambiri a ife tinakulira m'nyumba za zidina kapena za mdindo, ndipo tikamva mau akuti dothi timakumbuka umphawi, kuzira chaka ndi chaka, ndi khoma logumuka mu Febuluwale. Injiniya akati timange ndi njerwa zosaotcha, komiti imayang'anana, wina nkuti, "Tasonkha ndalama zonsezi kuti atimangire nyumba ya dothi?" Pamenepo iye amangokhala chete, nabwerera ku zakale. Mwaona tsono, amai, kuti chingwe cha gulu lachitatuli chiri m'manja mwathu.

Njerwa yosaotcha ya makono

Tiyeni tiifotokoze bwino njerwa imeneyi, kuti tisaisokoneze ndi chidina. Amakumba dothi la pansi, atachotsa la pamwamba la chonde. Dothi labwino ndi limene mchenga wake uposa theka. La makande la kudambo siliyenera, chifukwa limatupa likanyowa ndi kung'aluka likauma. Kuyesa koyamba tingathe kuchita tokha: thirani dothi m'botolo, onjezani madzi, khutchumulani, ndipo lisiyeni likhazikike. Mchenga umatsika pansi msanga, dongo limakhala pamwamba, ndipo maso amaona kuchuluka kwa chirichonse.

Dothilo amalisefa, nalisakaniza ndi simenti, gawo limodzi la simenti pa magawo 12 kufikira 20 a dothi, molingana ndi mtundu wa dothilo. Amawazako madzi pang'ono kuti lingochita chinyontho, kenaka nkulipanikiza mwamphamvu pa makina. Makina ena ndi a manja, osafuna magetsi kapena mafuta. Njerwazo amaziphimba ndi pulasitiki ndi kuzithirira, ndipo zimadikira milungu inai zisanapite pakhoma. Moto palibe. Popeza zonse zimatuluka zofanana, matope omangira amachepa, ndipo khoma lingathe kukhala lopanda pulasitala nkukongola ndithu.

Koma njerwa imeneyi siikhululukira chinyengo. Wina akachepetsa simenti kuti abe thumba, kapena akaleka kuthirira, njerwa imafumbutuka. Apa ndi pamene ochenjera aja ndi ofuna kusintha amakumana: onse amati njerwa zingapo zitengedwe zikayesedwe mphamvu, ntchito isanapitirire.

Pamene onse agwirizana

Ngakhale amatsutsana pa zipangizo, pali zinthu zimene mainjiniya onse amanena ndi mau amodzi, ndipo zambiri zirimo m'malangizo a kamangidwe kotetezeka amene boma linatulutsa pambuyo pa zivomezi za ku Karonga.

Malo ndiwo oyamba. Palibe njerwa, yootcha kapena ya simenti, imene ingaime pa njira ya madzi kapena pa phiri lometedwa mitengo. Maziko akwezedwe pamwamba pa nthaka, ndipo pakati pa maziko ndi khoma payalidwe pepala la pulasitiki kuti chinyontho chisakwere. Khonde likhale lalikulu, kuti mvula isamenye khoma. Zitseko ndi mazenera zisayandikire pa ngodya. Pamwamba pa mazenera padutse lintala ya konkire ndi zitsulo yozungulira nyumba yonse, imene imamanga zipupa pamodzi monga mmene mbalo zimagwirira nkhokwe. Ndipo denga limangiriridwe ku khoma ndi waya kapena zitsulo, osati kutsindira malata ndi miyala.

Amagwirizananso kuti nyumba yakale isagwetsedwe msanga. Mitengo imene inaotcha njerwa zake inapita kale. Ngati maziko ali bwino, kukonza ndi kuonjezera kumaononga zochepa kuposa kuyamba pansi. Koma amene anganene kuti mng'alu uwu ngwoopsa kapena ai ndi injiniya, atabwera kudzaona ndi maso.

Tichitenji tsono?

Choyamba, pa komiti iriyonse ya zomangamanga pakhale amai, ndipo asakhalepo ongophika nsima ya amisiri. Akhalepo polankhula za pulani ndi za ndalama. Mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri, tiitane injiniya poyamba penipeni, njerwa isanaumbidwe ndi imodzi yomwe. Tifunse ngati ali m'kaundula wa bungwe la Malawi Engineering Institution. Ndalama yomulipira tiiike m'bajeti, pakuti imabwerera kudzera mu simenti ndi zitsulo zimene iye atipulumutsire. Tifunsenso ku khonsolo ngati nyumba imene tikumanga ikugwera pansi pa malamulo a 2018 aja, kuti tisaumbe njerwa zimene pambuyo pake zidzakanidwa.

Chachitatu, timufunse mafunso. Safunsa anadya phula. Kodi dothi la pamalo pano lingapange njerwa zosaotcha? Mwaliyesa? Mutifanizire mtengo wa khoma lathunthu, kuphatikizapo matope ndi pulasitala, osati mtengo wa njerwa imodzi yokha. Kodi nyumba iyi idzazizira mu Okutobala popanda magetsi? Madzi a padenga tingawakolole bwanji? Mchenga uchokera kuti? Injiniya wodziwa ntchito yake amakondwa ndi mafunso otere, chifukwa amamupatsa mpata wogwiritsa ntchito zimene anaphunzira.

Chachinai, iye akati pano pafunika zitsulo zakuti ndi simenti yakuti, tisanyengerere mmisiri kuti achepetse m'seri. Kuchotsa zoonjezera ndi ntchito ya amene wawerengera. Kuchepetsa mwa ife tokha nkuika moyo wa ana athu pa ngozi.

Chachisanu, kumene uvuni sungalephereke, monga pa nyumba za mabanja kumidzi kumene makina sanafike, tiyambe tadzala mitengo ndi kuisamala mpaka ikule. Kudzala kokha pa tsiku la mwambo nkuiwala sikubweza nkhalango. Ndipo nkhuti zikwiriridwe ntchito ikatha.

Chotsiriza, tilimbikitse ana athu aakazi pa masamu ndi sayansi. Ku MUBAS ku Blantyre, imene kale tinkaitcha Polytechnic, amaphunzitsa uinjiniya kwa anyamata ndi atsikana omwe. Mtsikana amene anasenzapo nkhuni kuchokera kutali adziwa mtengo wake wa mtengo, ndipo sadzafuna womuuza pamene akhala pansi kuwerengera khoma.

Amai anzathu, nyumba imene timanga chaka chino idzaima zaka 50 kapena kuposa, ndipo ambiri a ife sitidzakhalapo. Adzakhalamo ndi adzukulu athu. Iwo adzayang'ana khoma ngati liri chiimire, adzayang'ananso kuphiri ngati kuli mitengo, ndi kumtsinje ngati kuli madzi. Mainjiniya ali ndi nzeru yotithandiza pa zonsezi, koma ambiri akudikira kuti eni nyumba awafunse. Tikabwerera kwathu, nkhani iyi tikaitule m'makomiti mwathu, pa msonkhano woyamba umene ukubwera.